Sola ya mzinda wa Cape Town: ife a lendi kuseli kwa nyumba itifika liti?

Wagadeni_Capricorn:

Moni nonse muno. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga osayankhapo, koma lero ndabwera ndi langa, ndipo mundipirire chifukwa ndiyambira kutali.

Ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Tokai, masiku anayi pa sabata, pakhomo limodzimodzi zaka 7 tsopano. Mu 2023, load shedding (kuthimitsa magetsi mosinthana madera) itafika povuta zedi, abwana anaika mapanelo a sola 14 padenga, inveta (makina osandutsa magetsi a mapanelo kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba) ndi mabatire awiri m'galaja. Ntchito yotsuka mapanelowo inagwera ine. Kamodzi pa mwezi ndimakwera ndi ndowa ya madzi opanda sopo ndi chikolopa chofewa cha mpini wautali, m'mamawa galasi lisanatenthe, chifukwa amene anaikawo anandichenjeza kuti madzi ozizira pa galasi lotentha amaling'alula. Fumbi silivuta. Chovuta ndi zitosi za atsekwe aja amatera pamadenga, zikauma zimagwira ngati simenti, uyenera kunyowetsa kaye n'kudikira. Ndiye podikirapo ndimakhala pansonga ya denga n'kumayang'ana. Mbali zonse madenga a anzawo akunyezimira magalasi akuda. Ndikaponya maso chakunyanja, ku Capricorn kumene ndimagona ine, ndimadziwa zimene zili pamadenga athu: matayala akutha ndi njerwa zopsinjira malata kuti mphepo isawanyamule.

Mwezi watha abwana anandionetsa bilu yawo pa foni, akumwetulira. Akuti magetsi amene mapanelo amapanga masana iwo ali ku ntchito amabwerera m'mawaya a mzinda, ndipo khonsolo imawachotsera ndalama pa bilu. Ndinawasekerera, si anthu oipa ayi. Koma sabata yomweyo landilodi wanga anandikwezera ya magetsi kuchoka pa R350 kufika pa R450 pa mwezi. Kachipinda kamodzi ka malata kuseli kwa nyumba yake, muli babu limodzi, kafiriji, ketulo ndi kasitovu ka mbale ziwiri. Waya umodzi wotulukira pawindo la khitchini yake ukudyetsa zipinda zinayi. Mayunitsi akatha chakumapeto kwa mwezi timakhala mumdima mpaka iye atafuna kukagula, ndipo ukafunsa amati magetsi akwera, pita ukadzionere wekha.

Tsono pa wailesi ndi pa Facebook ndimamva a meya Geordin Hill-Lewis ndi anzawo akukamba za mapulani. Akuti pofika 2050 mzindawu usakhale ukuwonjezeranso mpweya wotenthetsa dziko, akuti akumanga munda wa sola ku Atlantis, akuti agula magetsi kwa makampani ena osadalira Eskom yokha, kampani ya magetsi ya boma ija, akuti akukonzekera nyanja imene ikukwera. Sindikutsutsa. Ndinali konkuno pa chilala cha mu 2018, mitengo ya abwana ndinkaithirira ndi madzi ochapira zovala, ndiye zoti nyengo yasintha sindifuna munthu wondilalikira.

Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti, mapulani amenewa ali ndi khomo lolowera munthu wopanda denga lakelake? Kapena olemera akamachoka pa magetsi a khonsolo, ife otsala ndi amene tizisenza mtengo wonse? Mnzanga wina wa ku Retreat akuti ndi momwemo, ndipo akuti n'chifukwa chake zikungokwera. China, ndasunga R4,000. Ndigule kapanelo kanga ndisiyane naye landilodiyu, kapena ndikhala ndataya ndalama m'madzi? Amene mukudziwa za magetsi ndithandizeni, mundiuze zoona ngakhale zikhale zowawa.

aPhiri_Mawaya:

Achimwene, funso lanu ndi labwino, ndipo mnzanu wa ku Retreat sananame, wangonena theka. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndinayamba ndi kunyamula mapanelo pa makwerero, pano ndimalumikiza mainveta pansi pa munthu wa mapepala ake. Ndiyambe ndi kumene magetsi amene mukuwotchera ketulo yanuwo akuchokera.

Ochuluka kwambiri khonsolo imagula ku Eskom n'kutigulitsa ife. Ndipo a Eskom ambiri ndi a malasha, ochokera ku Mpumalanga ndi ku Limpopo, amayenda m'mawaya makilomita oposa 1,000 kuti afike kuno. Pafupi pano pali Koeberg ya nyukiliya ija ku Melkbosstrand, yomwe inayamba mu 1984, koma nayonso ndi ya Eskom. Ndiye mzinda ukanena kuti uchepetsa mpweya woipa, nkhani yaikulu ndi imeneyi: kusiya kugula magetsi a malasha. Kwa zaka zambiri lamulo silinkalola khonsolo kugula kwa wina aliyense mwaufulu. Mzindawu unapita nazo kukhoti mu 2017, ndipo malamulo anasinthidwa mu 2020 kuti makhonsolo amene chuma chawo chili bwino azitha kudzipezera magetsi. Zimene mukumva pa wailesizo ndi ana a kusintha kumeneko.

Koma tisakokomeze. Munda wa ku Atlantis ndi wa mamegawati 7. Koeberg yokha ndi yoposa 1,800. Makina a mphepo anayi a ku Darling aja, omwe anayamba mu 2008, onse pamodzi ndi 5.2. Mukuona kusiyana kwake. Atlantis ndi chiyambi, ndi kuphunzira kuyenda, si chinthu choti chitsitse mtengo wa mayunitsi anu chaka chino.

Chinthu chimene chakuthandizani kale inu osadziwa si sola n'komwe, ndi Steenbras, pamwamba pa Gordon's Bay. Inatsegulidwa mu 1979, mamegawati 180. Pali damu pamwamba pa phiri ndi lina m'munsi. Usiku anthu akagona, magetsi ali otchipa, amapopa madzi kukweza kumtunda. Magetsi akasowa amatsegula, madzi amatsika m'mapaipi n'kuzunguza makina. Ndi batire la madzi basi. Silipanga magetsi atsopano, ndipo ena amatayika popopa, koma ndi chifukwa chake dziko lonse likakhala pa siteji 4 ya load shedding (nambala ikakwera, maola a mdima amachuluka), inu a ku Capricorn nthawi zambiri munkakhala pa 3 kapena pa 2. Ndikunena izi chifukwa vuto la sola kuno ndi lomwelo la kusunga. Dzuwa lathu ndi lambiri mu December, pamene anthu safuna hita. Mu June ndi July, mvula ikugwa, tsiku lafupika, aliyense wayatsa sitovu ndi giza 6 koloko madzulo, mapanelo onse a ku Tokai ali gone. Nthawi imeneyo abwana anu nawonso amakoka ku khonsolo ngati inu nomwe, mabatire awo akangotha.

Apa ndi pamene mnzanu akulondola. Mawaya, mathiransifoma, anthu okonza usiku mtengo ukagwera chingwe, zonsezi mtengo wake susintha kaya abwana anu agule mayunitsi 900 kapena 90. Kale ndalama zimenezi zinkabisala mu mtengo wa yunitsi, ndiye wogwiritsa ntchito ambiri ankalipira zambiri, ndipo phindu lake linkathandiza kupereka magetsi otchipa kwa osauka. Wa dziwe losambira ndi magiza awiri akaika sola, ndalama ija yachoka, koma waya akuufunabe pa July. N'chifukwa chake khonsolo imaika ndalama yokhazikika ya pamwezi pa nyumba zodula, kuti wa sola asathawe kulipira waya. Eni nyumba amadandaula kwambiri ndi ndalama imeneyi, ndimawamva tsiku ndi tsiku, koma kwa inu ndi ine ndi imene ikutchinga kuti katundu yense asagwere pa yunitsi. Komanso zimene amawabwezera abwana anu pa yunitsi ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo umene amawagulitsira. Ndipo kuti afike pogulitsa anayenera kulembetsa sola yawo ku khonsolo ndi kugula mita yapadera yowerenga mbali zonse ziwiri, ya masauzande angapo. Si ndalama ya ulere monga ikuonekera pa foni.

Theka limene mnzanu sananene ndi lakuti chimene chikukupwetekani inu kwambiri chili pabwalo panu pompo. Mtengo wa khonsolo uli ndi masitepe. Nyumba yosauka yogwiritsa ntchito magetsi ochepa imaikidwa pa mtengo wotsika umene amautcha Lifeline, ndipo imalandira mayunitsi ena aulere mwezi uliwonse. Koma khonsolo imaona mita, siona mabanja. Mita imodzi ya landilodi wanu ikudyetsa mabanja asanu, ndiye m'mabuku ikuoneka ngati nyumba imodzi yowononga magetsi. Aulere aja amachepa kapena kutha, nyumba imatha kuchotsedwa pa mtengo wotsika, ndipo mukadutsa mayunitsi 600 pa mwezi mumagula pa sitepe yodula. Mabanja asanu osauka amapezeka akugula yunitsi modula kuposa momwe aliyense akanagulira payekha. Khonsolo inayamba kuika mamita a anthu a kuseli m'malo ngati Factreton, koma ndi pa nyumba za lendi za khonsolo yomweyo. Pabwalo la munthu wamba ngati la landilodi wanu sizifika.

Za R4,000. Musayembekeze kuti musiyana naye. Panelo la mawati 100 tsiku labwino la chilimwe likupatsani pafupifupi theka la yunitsi, nthawi yozizira theka la pamenepo. Ketulo yanu imakoka mawati pafupifupi 2,000, sitovu chimodzimodzi. Chilichonse chotenthetsa chiiwaleni. Babu, foni, kawailesi, mwina TV yaing'ono, zimenezo zitheka. Firiji ifuna batire ndi inveta zoposa thumba lanu. Ndiye mudzakhala mwagula kuwala kwa masiku amene mayunitsi atha, koma R450 ija azikufunsanibe yonse.

Nachisale_Dunoon:

A Phiri mwafotokoza bwino, koma Steenbras yanuyo muziinena kuti ndi ya ena. Kuno ku Dunoon magetsi ndi a Eskom mwachindunji, ku Khayelitsha chimodzimodzi, ngakhale ku Parklands kumene ndimagwira ntchito. Dziko likakhala pa siteji 6 ife tinali pa 6 yeniyeni. Ndinkakwera basi m'tauni magetsi akuyaka, kufika kunyumba mdima wa ndiweyani. Mzinda umodzi, meya mmodzi, koma batire la madzilo linkatidumpha. Ndiye a Wagadeni, musadandaule kwambiri, inu muli kale mbali yabwino ya mpanda.

Ine nkhani ya sola siindisowetsa tulo. Chondisowetsa tulo ndi madzi. Ndimakhala kumunsi, chakufupi ndi mtsinje wa Diep, ndipo June akafika ndimadziwa zochita: bedi limakwera pa makreti a mowa, ufa ndi mapepala a ana zimapita pamwamba pa wadiropu, nsapato za ku ntchito ndimagona nazo m'jumbo. Madzi sabwera ndi phokoso ayi. Amatulukira pansi, pa simenti pamayamba kuda ngati pathiridwa tiyi, ukadzuka 4 koloko phazi limatera m'madzi ozizira ofika m'kakolo. Mu September 2023, sabata ya holide ija, anafika m'mawondo. Waya wa magetsi umene umadutsa pansi kupita kwa aneba unali m'madzi momwemo, ndinanyamula mwana kumsana kutuluka osadziwa ngati ndiponda pabwino. Kutacha kunabwera anthu ndi mabulangete ndi buledi. Zikomo, koma bulangete siliphwetsa madzi.

Ndikudziwa wina anena kuti munamangiranji m'dambo. Funsani lendi ya kumtunda, mudzayankha nokha.

Ndipo nyanja nayo ndimaiona ndi maso anga. Basi ya MyCiTi yochoka kuno imadutsa ku Woodbridge Island ndi Lagoon Beach. Tsiku lina Lamlungu ndinatsika kukayenda ndi ana, mchenga umene unkatchinga nyumba za ku Milnerton wadyeka, pena aika matumba akuluakulu a mchenga kuti mafunde asalowe m'mabwalo. Mwezi womwe uja wa September mafunde anakwera ku Gordon's Bay mpaka kukankha magalimoto mumsewu, tonse tinaona pa mafoni. Ku Strand anamanga chipupa cha m'mbali mwa nyanja. Gombe la mzindawu ndi lotalika makilomita oposa 300, sangamange chipupa monsemo, ndiye adzasankha. Ine ndikungofuna kuona kuti posankhapo aziyamba ndi ndani.

Za 2018 a Wagadeni mwandikumbutsa. Abwana anga aakazi analira misozi yeniyeni atamva za malita 50 pa munthu pa tsiku. Anaika ndowa m'bafa, ine n'kumanyamula madziwo kukathira m'chimbudzi, anagula mabotolo a malita asanu kudzaza galaja. Ine mumtima ndinkawerenga: kwathu zigubu ziwiri za malita 20 kuchokera pa mpopi wa tonse ndi za banja lonse tsiku lathunthu, ndipo zinali choncho chilala chisanabwere. Day Zero imene ankaiopa, yoti aliyense azikaima pamzere kutunga malita 25, kwa ife linali Lachiwiri wamba. Koma ndinene chilungamo, mantha aja anagwira ntchito. Olemera atachita mantha, mzinda unachepetsa madzi pafupifupi ndi theka, ndipo tsopano akukumba madzi a pansi, akudula mitengo ya paini yomwa madzi kumapiri a madamu, akukamba zosefa madzi a m'nyanja. Load shedding nayo inawaopsa, sola yadzadza madenga. Kusefukira kwa kuno sikuwafika, ndiye sindidziwa chidzawaopse n'chiyani.

R4,000 yanuyo achimwene, ine ndikanagula silinda ya gasi ndi kambaula kake, yotsala n'kugula nyale ziwiri zotchaja ndi dzuwa. Kandulo ndi parafini ndi zimene zimatimaliza. Simunaiwale moto wa ku Masiphumelele mu December 2020, nyumba zoposa 1,000 tsiku limodzi, mphepo ija ikuukuza.

Mjomba_wa_Thekwini:

Ndikuwerenga ndili ku Durban, ndiloleni ndiponyepo mawu awiri. Achemwali a ku Dunoon anena chinthu chimene ife tinachiphunzira ndi maliro.

Khonsolo yathu ya eThekwini si yogona pa nkhani zimenezi. Pulani yake ya nyengo inatuluka mu 2019, ndipo inatamandidwa kuti yatsogola mu Africa. Kalekale, zaka za m'ma 2000, anali atayamba kale kutenga gasi wotuluka m'zinyalala ku Mariannhill ndi ku Bisasar Road n'kumapangira magetsi. Mapepala analipo, abwino. Kenako pa 11 ndi 12 April 2022 kunagwa mvula yoposa mamilimita 300 malo ena m'maola 24. Anthu oposa 400 anafa. Makontena anayandama ngati mabokosi a machesi mpaka pamsewu wa N2, fakitale ya Toyota ku Prospecton inaima miyezi, ku Tongaat malo oyeretsera madzi anawonongeka anthu n'kukhala miyezi yambiri akudikira mathanki a pagalimoto. Ine ndinkakhala ku Isipingo nthawi imeneyo, ndinatuluka ndi foni ndi pasipoti basi.

Ndiye mukamamva mawu akuti pulani ya nyengo, muzifunsa kuti akunena iti, chifukwa muli ziwiri m'thumba limodzi. Ina ndi yochepetsa utsi, ndiyo ya sola ndi mphepo ndi mabasi a magetsi. Phindu lake ndi la dziko lonse lapansi ndipo lidzaoneka ana athu atakula. Ina ndi yoti madzi akabwera apeze ngalande yotseguka, mlatho wolimba, anthu atachenjezedwa usiku womwewo ndiponso ali ndi kothawira. Yoyambayo ili ndi riboni yodula ndi zithunzi, ndiponso imabweza ndalama, ndiye mabanki amaikonda. Yachiwiriyo ndi munthu wovala magambuti akuvuula matewera ndi mapulasitiki mu kalavati mwezi wa March. Palibe amene amajambula zimenezo.

Sindikunyoza sola, ndili nayo nyale yake. Koma pa msonkhano wa khansala wa dera lanu, mukapatsidwa mpata wa funso limodzi, funsani za ngalande.

Wagadeni_Capricorn:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri. A Mjomba pepani ndi zimene munaona. Achemwali a Nachisale, mwandichititsa manyazi pang'ono, sindinkadziwa kuti kuthima kwathu kunali kochepa chifukwa cha damu la ku Gordon's Bay, ndinkangoti ndi mwayi wa dera. Komatu mbali yabwino ya mpanda imene mukunenayo ili pafupi ndi mtaya wa Coastal Park, mphepo ikatembenuka mudzabwere mudzanunkhize nokha. Ndamva kuti kumenekonso akutenga gasi wa m'zinyalala ngati ku Durban, bola fungolo lisanduke kanthu.

A Phiri, nkhani ya mita imodzi mabanja asanu yandilowa. Dzulo ndinakaima pa khitchini ya landilodi ngati ndikupempha machesi, ndinayang'ana kamita kaja, kanyale kake kakuphethira mothamanga ngati mtima wa mbalame, masana dzuwa lili phwee. Ndinazungulira kuseli. Mnyamata wa chipinda chachitatu ali ndi hita ya mipiringidzo iwiri, amaisiya yoyaka kuti aumitse yunifolomu yake ya ulonda. Tonse timalipira R450 mofanana. Ine ndimachoka 6 koloko m'mawa kubwera 6 madzulo, ndiye ndikulipirira yunifolomu ya mnzanga.

Koma ndisabise, mtima wanga unali pa panelo. Zaka zonsezi ndikutsuka a eni ake, ndimafuna nditatsukako langa, ngakhale limodzi. Mwina ndi kunyada chabe. Komanso ndimaganiza kuti ngati ntchito imeneyi ikukula momwe mukunenera, ine amene ndazolowera kale kuyenda padenga osaswa matailosi, sindingaphunzire zoposa chikolopa? Zaka zanga ndi 38. Munayamba bwanji inu?

Nanga landilodi ndimuyambe bwanji osathamangitsidwa? Chipindachi ndinachipeza movutikira, ndipo si munthu wokonda kufunsidwa mafunso.

aPhiri_Mawaya:

Achemwali a Nachisale akulondola za madera a Eskom, ndinalakwa kusatchula.

Achimwene, musapite kwa landilodi ndi mlandu, pitani ndi mphatso. Pali timamita tating'ono towerenga mayunitsi a chipinda chimodzi, mtengo wake ndi mahandiredi ochepa m'masitolo a zamagetsi. Mumuuze kuti mugula nokha, ndipo iye apindula chifukwa adziwa amene akumudyera mayunitsi. Musatchule za mnyamata wa hita, mita idzamutchula yokha. Koma aike ndi munthu wodziwa, ndipo aone waya wa pawindowo. Zipinda zinayi pa waya umodzi, hita ndi masitovu, ndikuopa kuti ndi kachingwe kopyapyala kaja koyenera nyale. Mukaugwira madzulo n'kumva kufunda, nkhani ya R450 ndi yaing'ono, mukugona pafupi ndi moto.

Gasi ndikuvomereza, bola muzitsegula zenera pophika ndipo paipi yake muziiyesa ndi thovu la sopo. Muwonjezere chikwama chophikira chija cha Wonderbag kapena mungosoka chanu ndi mapilo akale: nyemba mumaziwiritsa mphindi zochepa, n'kuika poto m'chikwamamo m'mawa, pobwera madzulo zapsa.

Panelo gulani ndithu ngati mtima ukufuna, koma laling'ono, lokhala ndi batire lake ndi mababu ake, losakhudzana ndi mawaya a nyumba. Chilichonse cholumikizidwa ku mawaya a nyumba chimafuna kulembetsa ku khonsolo, ndipo chikalumikizidwa molakwika chimabweza magetsi mumsewu n'kupha munthu amene akukonza chingwe akuganiza kuti chathima. Musalipsinje ndi njerwa ngati malata, mphepo ya kuno ilinyamula ngati chiwaya. Mabawuti akhale a chitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa ku Capricorn mpweya ndi wa mchere, wamba amadyeka chaka chimodzi. Liyang'ane kumpoto. Ndipo likhale loti mutha kulimasula n'kulowetsa m'nyumba mukamapita kutali, mukudziwa chifukwa chake.

Za ntchito, ine ndinayamba ndili ndi zaka 35, ndipo chimene anandilembera n'chakuti sindinkaopa denga. Kulumikiza ndi kusainira kumafuna mapepala a sukulu ya zamagetsi, imeneyo ndi njira yaitali, ndipo makalata anu okhalira m'dziko muno akhale olongosoka. Koma kumanga njanji za mapanelo, kukoka mawaya ndi kutsuka kumaphunziridwa pa ntchito pomwepo. Kutsuka kumene mukukupeputsako anthu akulipiritsa pa panelo. Muli kale ndi msewu wonse wa ku Tokai umene mumauona muli padenga, ndipo atsekwe aja sasankha nyumba. Pemphani abwana anu akutchuleni pa gulu la WhatsApp la mumsewu mwawo. Kagulenitu lamba wodzimangirira ndi chingwe musanakwere denga la munthu wina.

Wagadeni_Capricorn:

Ndabweranso patatha masabata atatu. Landilodi anavomera kamita, koma anati ndigule awiri, kena ka chipinda chachitatu, ndiye kuti ankamuganizira kale mnyamata uja. Amene anadzaika anagwira waya wa pawindo n'kupukusa mutu, tasintha, tinasonkherana anthu anayi. Changa chawerenga mayunitsi 58 m'masiku 21, ndipo kuyambira pamene ndinagula gasi chikuyenda pang'onopang'ono kwambiri. Cha mnzanga chadutsa 200. Sakundilankhula.

Za R450 sitinagwirizanebe, akuti tione mwezi ukatha. Panelo ndagula la mawati 50 lokhala ndi mababu atatu, ndalimanga ndi mabawuti anayi, Loweruka kunawomba mphepo usiku wonse ndipo m'mawa ndinalipeza lilipo. Nyumba ziwiri za mumsewu wa abwana zandiitana kukatsuka Lachisanu, ina ili ndi mapanelo 22 padenga lotsetsereka kwambiri. A Phiri, lamba uja amagulitsa pamodzi ndi chingwe chake kapena n'zosiyana, ndipo padenga la matailosi chingwecho mumachimangirira pati?